Mbale ya Pende Imene Ndinanyamula ku Tete

1

Dzina la pa chiphaso sindikuuzani. Ku Chilomoni amanditchula Nangozo wa masikono, ndiye amene mukundidziwa mwandidziwa kale, palibenso chobisa.

Zaka makumi atatu ndakhala ndikukanda fulawa. Nyumba imene ndimagonamo inamangidwa ndi masikono. Bambo ake atamwalira, Levison, mwana wanga mmodzi yekhayo, anaphunzira mpaka ku koleji ndi masikono omwewo. Ndiye tangoganizani mwana ameneyo kundibweretsera mkazi wosadya fulawa.

Mkaziyo ndi Lyness, mphunzitsi wa ku pulayimale, mtsikana waulemu wake, wodziwa kugwada. Chaka choyamba cha ukwati ankadya masikono anga ngati wina aliyense, kungoti anali woonda ngati bango ndipo m'mimba simunkamupatsa mtendere. Anapita padera katatu. Kachitatuko madokotala anamuyeza magazi, anamuyeza m'matumbo, n'kumuuza kuti thupi lake limadana ndi tirigu. Buledi ayi, mandasi ayi, masikono ayi, ngakhale supuni imene yakhudza fulawa ayi.

"Matenda anji amenewo?" ndinamufunsa Levison. "Dziko lonseli limadya mandasi, anafa ndani?"

"Amayi, ndi matenda enieni, amati siliyaki. Tirigu amamukanda m'matumbo, chakudya osagwira thupi. N'kutheka kuti mimba zija zinkachoka chifukwa cha zomwezo."

Pakamwa ndinati chabwino. Mumtima ndinati matama a anthu ophunzira.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi china. Kwathu kuno munthu akakana chakudya cha m'manja mwako, anthu safunsa zimene dokotala ananena. Tsiku lina titamaliza kuyeserera nyimbo, ndinamva amayi awiri akunong'onezana kuseri kwa tchalitchi.

"Mpongozi wa a Nangozo amapita kwa apongozi ake ndi kontena yakeyake."

"Usamuone choncho. Pali chimene anaona."

Ine, mayi wa kwaya, kundiyesa wodyetsa anthu mankhwala. Mawu amenewo ndinawameza, ndipo anakhala pamtima zaka zitatu osatsika.

2

Mwezi wa Okutobala, zaka zitatu zapitazo, kwaya yathu ya amayi inakonza ulendo wa masiku atatu wokaona malo ku Tete. Tinalipo makumi awiri ndi awiri mu kositala imodzi. Lyness amaimba nafe, choncho naye anali momwemo.

Tikunyamuka, Levison anandikokera pambali n'kundipatsa kakhadi kokutidwa ndi pulasitiki. Mnzake wa kuntchito anali atamulembera m'Chipwitikizi zonse zimene Lyness sadya.

"Amayi, ndakusungitsani munthu wanga. Paliponse podyera muziyamba mwawaonetsa ophika kakhadi aka. Chonde, ulendo uno kuposa maulendo onse."

"Ndamva, bambo. Kodi ndine mwana?"

Sindinamufunse chifukwa chake ananena kuti ulendo uno kuposa onse.

Lyness ananyamula kula bokosi yodzaza: mbatata yowiritsa, mazira, mpunga, mtedza. Amayi anamuseka kuti wasamutsa golosale yonse, iye n'kumangomwetulira. Titawoloka malire pa Zobue, anyamata ogulitsa pau, buledi wawo wautali uja, anazungulira kositala. Aliyense anagula. Galimoto yonse inanunkhira buledi wotentha, Lyness ali pawindo kusenda dzira lake.

Kuchokera pamenepo msewu umangotsetsereka, mitengo n'kumachepa, malambe n'kumachuluka, kutentha n'kumawonjezeka. Pofika ku Moatize, kumene malori a malasha amathithikana, zitenje zathu zinali zitasanduka matawulo. Inu amene mumadandaula kutentha kwa ku Chikwawa, pitani ku Tete mukapepese.

Kutenthako ndi kumene kunamulanda Lyness chakudya. M'mawa wa tsiku lachiwiri mazira anali atanunkha, mpunga utasasa, mbatata ikutuluka madzi. Kumalo ogona anatipatsa tiyi ndi pau basi. Iye anamwa tiyi yekha n'kutafuna mtedza.

Wotiyendetsa mumzindawo anali bambo Celso, wa ku Tsangano, amene Chichewa chake chinali ngati cha ku Ntcheu kupatula manambala. Anatitengera kumsika kukaona milu ya malambe ndi masau ouma, kenako kumadimba a ku Nhartanda. Tinajambulitsa zithunzi, tinaimba, tinatsutsana mitengo ndi manja. Lyness ankatsalira m'mbuyo, milomo itachita mbuu.

3

Masana bambo Celso anatipititsa pamalo ena odyera m'dera la Josina Machel, pabwalo lofoleredwa ndi udzu. Anati tikachoka ku Tete osadya nsomba ya pende ya mu Zambezi, tisakanene kumudzi kuti tinafikako.

Mbale zinayamba kubwera. Lyness anakankhira yake kwa mnzake.

"Amayi, ine ndingomwa madzi. Mtedza ulipo."

Mayi Chikaonda, wapampando wa kwaya, ali ndi pakamwa posadziwa kunong'ona.

"Koma a Nangozo, mpongozi wanu afe ndi njala inu muli pomwepo? M'patseni ndinu, mwina cha inu adya."

Ena anaseka. Wina kumapeto kwa tebulo anati, "Cha iwowo ndiye sangayerekeze," ndipo kusekako kunasintha mtundu.

Ndinadzuka, ndinatulutsa kakhadi m'chikwama, n'kulowa kukhitchini. Wophika anali mayi wamfupi wa mpango wofiira, dzina lake Dona Teresinha, wa ku Angónia. Anapukuta manja, anawerenga kakhadiko pang'onopang'ono akulondola ndi chala. Tinayankhulana mawu angapo. Patapita kanthawi ndinatuluka nditanyamula mbale: mpunga woyera, pende yokazinga, pamwamba pake supu wa tomato ndi anyezi.

Ndinaiika pamaso pa Lyness.

"Idyani, apongozi. Ndaona ndi maso anga."

Muyenera kumudziwa Lyness pa chakudya. Amafunsa ngati wapolisi. Mafutawo munakazingira chiyani poyamba? Mwathiramo timakyubu? Mpeniwo unadula buledi? Ife tinkamuseka, iye n'kumatiyankha kuti safunsa anadya phula. Koma tsiku limenelo anangondiyang'ana, maso ake akuwala, n'kuombera m'manja.

"Zikomo, amayi."

Anapemphera, anadya. Anadya yonse mpaka mutu, n'kumayamwa minga. Amayi analuluta kuti lero wadya cha m'manja mwa apongozi.

Ine nsomba yanga sindinaimve kukoma. Ndinkangomuyang'anitsitsa. Theka la ola linadutsa, ola linakwana, Lyness akuseka ndi anzake, nkhope itabwerera mwakale. Ndinakwera kositala ndikuimba chamumtima.

4

Cha m'ma 3 koloko tinapita kukawoloka wapansi mlatho wakale wa pa Zambezi. Ndi wautali, wopachikidwa pa zingwe, ndipo magalimoto akamadutsa umanjenjemera kumapazi. Pansi pake madzi ali nyang'anyang'a, otakata moti munthu wa tsidya lina amaoneka ngati nyerere.

Tili pakatikati, Mayi Chikaonda akutifoletsa kuti tijambulitse, ndinaona Lyness atagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja awiri. Anawerama n'kusanza. Anadzuka, anasanzanso. Kenako anagwira pamimba, mawondo anapindika, n'kukhala pansi pa simenti yotentha ija.

Ndinathamanga. Thukuta linali kamukamu, koma thupi lake lili zii kuzizira. Anandigwira chitenje n'kundikokera pafupi.

"Amayi, ndili ndi pakati."

"Mukuti chiyani?"

"Miyezi itatu. Tinagwirizana ndi a Levison kuti tikuuzeni ikadutsa pamene zinachokera zina zija. Amayi, m'mimba mukupota. Ndikuopa."

Mlatho uja unali kunjenjemera, koma ine ndinkanjenjemera kuposa mlathowo. Mdzukulu wanga woyamba, amene ndinamupempherera mpaka mawondo kuchita zikang'a, anali m'mimba imene inkapotayo.

Bambo Celso anaimitsa chopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu konyamula anthu. Tinamunyamula Lyness n'kumugoneka pamiyendo panga. Njira yonse ankasanza, mpaka kusanza madzi okhaokha achikasu.

Tinafika pa kachipatala kena kolipira. Dziko la eni ndi la eni. Anamwino ankayankhula Chipwitikizi mofulumira, akaona kuti sitikumva n'kusinthira ku Chinyungwe, chimene ndinkatolapo mawu amodzi pa mawu asanu. Bambo Celso ankamasulira. Madzi amuthera m'thupi. Magazi akuthamanga pang'onopang'ono. Pali kadontho ka magazi pa chovala chamkati. Anamuika diripu, kenako namwino wina, Stélia, anabwera ndi kachipangizo komvera mtima wa mwana. Anakayendetsa pamimba uku ndi uku, kakungolira ngati wailesi yosowa siteshoni. Anayesanso. Anakazimitsa.

"Akuti pa miyezi itatu zimachitika kuti kasamve," anatero bambo Celso osandiyang'ana. "Wa sikani waweruka. Abwera mawa m'mawa, novi ora. Ndiko kuti 9 koloko."

Lyness anatembenukira kukhoma. Misozi inkatsika yokha, wosalira mokweza.

Ndinamuimbira Levison.

"Amayi, kakhadi kaja munawaonetsa?"

"Ndinawaonetsa."

Limenelo silinali bodza.

"Mawa malire akangotsegula ndikuwoloka. Wophika ameneyo akandidziwa. Mwana wanga akapita, munthu ameneyo akagona m'chitokosi."

5

Dzuwa lisanalowe, Mayi Chikaonda anati mlandu suola koma uwu usagone. Anatenga bambo Celso n'kundikoka ine kuti ndikakhale mboni. Ndinayesa kunena kuti ndikudikirira wodwala, koma amayi atatu anadzipereka kukhala m'malo mwanga.

Mwini malo odyera aja, bambo Cândido, atamva nkhaniyo anaitana Dona Teresinha. Anatuluka akupukuta manja pa epuloni. Abwana ake anamukalipira m'Chipwitikizi, mitsempha ya pakhosi ili tototo. Kenako Mayi Chikaonda anayamba kumufunsa m'Chichewa.

"Mu nsomba ija munali fulawa?"

"Munali farinya pang'ono, mama. Pende timaigubuduza mu farinya tisanakazinge, kuti isamatirire."

"Khadi munawerenga?"

"Ndinawerenga."

"Munamva zimene linanena?"

"Ndinamva."

"Ndiye munamupatsiranji? Mukudziwa kuti munthu uja ndi woyembekezera?"

Dona Teresinha anagwira pakamwa. Kenako anakweza maso n'kundiyang'ana. Sindikudziwa kuti anandiyang'ana nthawi yaitali bwanji. Ndinadikira kuti atsegule pakamwa andimalize.

"Ndinalakwa," anatero, n'kuwerama.

Bambo Cândido analoza epuloni ija. Dona Teresinha anaivula, anaipinda bwinobwino, n'kuiika pa tebulo.

Ine ndinapempha kuchimbudzi. Potuluka ndinapeza Dona Teresinha akundidikira pampopi, kachikwama kake kali kukhwapa.

"Mama," anayankhula motsitsa mawu, "ine ndinakulira kwanu. Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Ntcheu ndili ndi zaka zisanu, tinabwerako mu noventa katuru, 1994. Amayi a kwanu anatipatsa madimba, anativeka zitenje zawo. N'chifukwa chake sindingavule mayi wamkulu ngati inu pamaso pa anzake."

Kenako anapitiriza.

"Koma ndili ndi ana anayi, bambo wawo kulibe. Ntchito yanga ndi imene yatsala patebulopo. Mawu aja munandiuza kukhitchini, mukawanene nokha. Ine sindikanena."

Anandidutsa n'kutuluka pachipata chakumbuyo.

6

Levison anafika nthawi ya sikani itatsala pang'ono, maso ali psuu, malaya atamatirira kumsana. Anagwada pambali pa bedi n'kugwira dzanja la mkazi wake. Lyness anali atasiya kusanza, koma anali atafooka ngati masamba ofutsa.

"Tikangochoka ku sikani ndikupita kupolisi," anatero Levison. "Bambo Celso andiperekeza."

"Musatero," Lyness ananong'ona. "Wolakwa ndine. Sindinafunse. Masiku onse ndimafunsa, dzulo sindinafunse. Mwanayu akapita ndamupha ndine."

Pamenepo ndi pamene ndinalephera kupirira. Ndinatsika pampando n'kugwada pa simenti, ine mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, pamaso pa mwana wobala ndekha.

"Levison, Lyness, wophika uja alibe mlandu."

Onse anandiyang'ana.

Tsopano ndikuuzeni nanu owerenga zimene ndinakubisirani. Dona Teresinha atawerenga kakhadi kaja sanachite chibwana. Anandiuza kuti nsomba zonse zinali zitagubuduzidwa kale mu fulawa, koma atsuka poto wina, atenga mafuta atsopano, amuwotchera yakeyake. Anafunsa ine chifukwa ine ndi amene ndinali kholo. Ndipo ine ndinamuyankha kuti, "Musavutike, mayi. Sadwala ameneyo, ndi matama chabe. Ingondipatsani yomweyo." Anafunsanso kachiwiri ngati ndikunenadi zoona. Ndinati ndine apongozi ake, ndimamudziwa. Kenako ndinatenga chipande ndi dzanja langa ili n'kuthira supu wa tomato pamwamba pa nsombayo kuti fulawa asaoneke.

Ndinkafuna kuti adye, tsiku lidutse ali bwinobwino, ndipo pobwerera mu kositala ndidzaimirire pamaso pa amayi onse aja ndi kunena kuti, mwaona, wadya tirigu, wafa?

Zonsezi ndinazinena ndili chogwada, osasiyako ngakhale za supu.

Ndinkayembekezera kuti Levison akuwa, mwina kuponya mpando. Sanatero. Anandiyang'ana ngati munthu amene wakumana naye koyamba m'basi.

Amene anayankhula ndi Lyness.

"Amayi, zaka zonsezi mbale iliyonse ndimaifunsa. Ya mayi anga ondibala ndimaifunsa. Ya a Levison ndimaifunsa. Yanu ija sindinaifunse." Anapuma kaye. "Ndinasangalala. Ndinati lero amayi andikhulupirira, mpaka alowa okha kukhitchini chifukwa cha ine."

Bola akanandimenya mbama.

Namwino Stélia analowa ndi njinga ya odwala. Ndinadzuka kuti ndithandize kumukweza.

"Musamugwire," anatero Levison mwakachetechete. "Dikirani panja."

Ndinakhala pabenchi ya m'khonde moyang'anana ndi chitseko cha sikani. M'moyo mwanga ndaika m'manda mwamuna, ndaika makolo, koma mantha ngati amenewo sindinawamvepo. Ndinayesa kupemphera, mawu osabwera. Ndikanayamba ndi chiyani? Ndinkangoyang'ana manja anga ali pamiyendo. Mphindi zinkayenda ngati zathyoka mwendo. Mkatimo ndinkamva dokotala akuyankhula, bambo Celso akumasulira, kenako chete.

Kenako phokoso linatulukira pansi pa chitseko, lofulumira, ngati atsikana awiri akusinja mumtondo umodzi. Sindinadziwe kuti n'chiyani mpaka nditamva Lyness akulira mokweza, Levison akuti, "Ndi ameneyo? Adokotala, ndi ameneyo?"

Chitseko chinatseguka. Levison anatuluka akupukuta m'maso ndi mkono.

"Ali moyo," anauza khoma limene linali kumbuyo kwanga, n'kundidutsa.

Kupolisi sanapite. Anapita kwa bambo Cândido kukafotokoza zoona zake, kenako anafunafuna nyumba ya Dona Teresinha mpaka kuipeza, n'kukamupepesa. Mayiyo anabwerera pantchito tsiku lomwelo. Ine kukamuona ndinalephera, manyazi anandimanga miyendo, ndipo mpaka lero sindinamuthokoze.

Lyness anabwerera ku Blantyre pa galimoto ya mwamuna wake patapita masiku awiri. Ine ndinabwerera pa kositala. Titadutsa Moatize ndinaimiriradi pamaso pa amayi aja monga ndinakonzera, kungoti zimene ndinanena zinali zina. Kuchokera pamenepo mpaka pa Zobue palibe anayambitsa nyimbo.

7

Mwanayo anabadwa mwezi wa Epulo, wamkazi, wathanzi lake. Dzina lake ndi Tamanda. Pano ali ndi zaka ziwiri ndi theka, ndipo amayankhula ngati wailesi.

Anandikhululukira, sindinganame. Lyness ndi amene anayamba, Levison anatenga chaka. Masiku ano amabwera kudzandiona Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi. Ndinagula mapoto awiri atsopano amene sakhudza fulawa, ndipo Lyness amaphikiramo yekha, ine n'kumamucheza ndili pakhomo la khitchini. Sitinakambiranepo kuti zizikhala choncho. Zinangokhala.

Inu apongozi anzanga amene mukuwerenga, ndi inu nonse amene muli ndi wachibale wosadya chakutichakuti, ndimvereni ine. Munthu akakuuzani kuti chinthu chimamudwalitsa, si ntchito yanu kumuyesa. Thupi ndi lake, ululu ndi wake, ndipo simudziwa chimene wanyamula. Ine ndinali ndi mwayi umene sindinauyenere. Ndikanatha kubwerako ku Tete ndi imfa pamutu chifukwa chofuna kutseka pakamwa amayi awiri amiseche. Koma musaganize kuti mwayi umafufuta zonse.

Tamanda anamuyeza, matenda a mayi ake alibe. Amadya buledi, amadya mabisiketi, kwa aneba anga amalandira mandasi n'kumadya akuthamanga. Lamulungu lapitali ndinamusendera nachesi tili pakhonde, n'kumupatsa kagawo kamodzi. Analandira ndi manja awiri monga anamuphunzitsira, anati zikomo agogo. Koma sanaike mkamwa. Anatsika pamiyendo panga, anayenda mpaka pamene panakhala bambo ake, n'kutambasula kadzanja.

"Adadi, ichi andipatsa agogo. Ndidye?"

Lyness anafulumira kunena kuti idya mwanawe, usavute. Levison anangoyang'ana pansi. Sindinafunse kuti anamuphunzitsa ndani, ndipo sindidzafunsa, chifukwa ndikanakhala ine ndikanamuphunzitsa zomwezo.

Akuluakulu ndinawagwadira, anandimva. Nanga mwana wa zaka ziwiri, amene sadziwa n'komwe kuti Tete ndi kuti, ndimupepese bwanji?